JOHN MOIR, MWINI DZINA LA MANDALA

Pamene Mpingo wa C.C.A.P. ukumbukira anthu amene adaika maziko ake, maina oyamba kutchulidwa amakhala a abusa: Dotolo Robert Laws wa ku Livingstonia, David Clement Scott ndi Alexander Hetherwick a ku Blantyre, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a ku Mvera. Nkoyenera ndithu kutero. Koma abusa amenewa ankafuna ngalawa yowakweza pa Zambezi ndi pa Shire, nsalu yolipirira antchito, mankhwala a malungo, mapepala osindikizira mabuku, ndiponso munthu wowafikitsira makalata ochokera kwao. Kwa zaka zoposa 10, kuyambira mu 1878, amene adasenza udindo umenewu adali munthu wamalonda, wosadzozedwa ubusa, John William Moir, pamodzi ndi mng'ono wake Frederick. Anthu adamutcha Mandala, ndipo dzinalo lidakalipo ngakhale kuti ambiri olitchula sadziwa mwini wake. Moyo wake uyenera malo m'buku lino chifukwa uonetsa kukula kwa thandizo limene Mkhristu wamalonda angapereke ku Mpingo, ndiponso mmene malonda, akasowa wowadzudzula, amalekera kutumikira Uthenga Wabwino nayamba kudzifunira zao.

Kwao ndi kuitanidwa kwake

John Moir adabadwa mu mzinda wa Edinburgh ku Scotland m'chaka cha 1851, ndipo Frederick, wopondana naye, adabadwa mu 1852. Atate wao, Dotolo John Moir, adali sing'anga wotchuka mumzindamo ndiponso munthu wa mpingo wa Free Church of Scotland. Anyamatawo adakulira m'nyumba yosasowa kanthu, adaphunzira bwino, ndipo akadafuna akadakhala kwao ndi kulemera mwamtendere monga anzao.

Chimene chidatembenuza mitima yao ndi imfa ya Dotolo David Livingstone, amene adamwalira mu 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene tsopano ndi Zambia, naikidwa m'manda ku London mu Epulo 1874. Livingstone adaphunzitsa kwa zaka zambiri kuti malonda a akapolo sadzatha ndi ulaliki wokha. Mafumu ankagulitsa anthu chifukwa chofuna nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo amalonda ochokera ku gombe ankafuna akapolo oti akagulitse ndi oti awasenzere minyanga ya njovu. Pakadapezeka wamalonda woona mtima wogula minyanga, thonje ndi mbeu zina, nazitumiza pa madzi, munthu akadaleka kuyesedwa katundu. Achinyamata ambiri a ku Scotland atamva zimenezi adaganiza za ubusa kapena udotolo. Ana a Dotolo Moir adamvapo kuitanidwa kwa wamalonda.

Mu 1877 abale awiriwo adadzipereka, popanda malipiro, kukathandiza kulambula mseu wochokera ku Dar es Salaam kuloza kumtunda, umene William Mackinnon ndi Sir Thomas Fowell Buxton ankaulipirira. Mseuwo sudapite patali, koma kumeneko ndi kumene adaphunzirira kuyenda ndi anthu a ulendo ndi kupirira matenda a dziko lotentha. Kwa kholo, kutulutsa ana aamuna awiri nthawi imodzi kupita kumene malungo ankapha Azungu ambiri asadathe ndi chaka chomwe, idali nsembe yosachepa. Mbiri ya Mpingo imatchula otumidwa, koma kawirikawiri imaiwala makolo amene adatsala pakhomo kudikira makalata.

Kampani yobadwira mu Mpingo

Nthawi imeneyo nkuti amishoni atafika kale ku Nyanja. Sitima ya Ilala idalowa m'Nyanja ya Malaŵi pa 12 Okutobala 1875 itanyamula gulu la Livingstonia, limene lidamanga ku Cape Maclear, ndipo Mishoni ya Blantyre idayamba mu Okutobala 1876 m'dziko la Mfumu Kapeni. Posakhalitsa vuto lidaoneka. Ndalama zidalibe ntchito m'midzi. Chakudya, nkhuni ndi thukuta la munthu zinkagulidwa ndi nsalu, ndipo nsaluyo inkachokera kutali kutsidya la nyanja. Mmishoni amene adatumidwa kudzalalikira ankatha masiku akuyeza mikwamba ndi kulondola mitolo yosochera. Mafumu nawonso ankabwera ndi minyanga kudzagulitsa, ndipo mmishoni akakana, ankapita nayo kwa ogula akapolo.

Amalonda a ku Glasgow amene ankathandiza Livingstonia, monga James Stevenson, John Stephen wopanga sitima za pamadzi, James White ndi James Young, adaona kuti ntchito ziwirizi ziyenera kulekanitsidwa. Motero mu 1878 adakhazikitsa Livingstonia Central Africa Company ndi chuma cha £20,000, nasankha John ndi Frederick Moir kuti akhale oyang'anira ake ku Africa. Mu 1881 dzina lidasintha kukhala African Lakes Company. Cholinga chake chidali kunyamula amishoni ndi katundu wao, kugula zopezeka m'dziko, ndi kulanda msika kwa amalonda a akapolo. Kampaniyo idakana kugulitsa mowa waukali kwa anthu a m'dziko, pa nthawi imene m'madera ena a Africa mowa wotere udali chuma chachikulu cha amalonda a Chizungu.

Njira ya katundu

Kuti bokosi la mankhwala lichoke ku Glasgow ndi kufika kwa Dotolo Laws, linkatsitsidwa ku Quelimane, nkukwera m'mabwato pa mtsinje wa Kwakwa, nkusenzedwa pamutu kufikira ku Zambezi, kenaka nkulowa m'sitima ya kampani yotchedwa Lady Nyassa, imene inkakwera Shire mpaka kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa. Pamenepo mathithi ankatseka njira. Katundu ankakwera phiri pamitu ya anthu kufika ku Blantyre, natsikiranso ku Matope, ulendo wa mamailosi oposa 60, kumene ankalowa mu Ilala, imene kampani idaitenga kwa amishoni mu 1882. Doko la Chinde, limene lidafupikitsa ulendowu, lidadziwika mu 1889.

Iyi ndiyo njira imene amishoni a masiku amenewo ankadzera, kuphatikizapo A.C. Murray wa Mpingo wa Dutch Reformed pamene ankabwera mu 1888, chaka chimodzi Mvera isadakhazikitsidwe. Njirayo idapitirira malire a Malaŵi wa lero. Mu 1883 kampani idanyamula zidutswa za sitima ya Good News ya London Missionary Society kuchokera ku Quelimane mpaka ku Nyanja ya Tanganyika, kumene idalumikizidwa ndi kuikidwa pa madzi mu 1885. James Stevenson adapereka £4,000 zolambulira mseu wochokera ku Karonga kuloza ku Tanganyika, ndipo mseu umenewo udadya miyoyo ya akatswiri awiri, James Stewart mu 1883 ndi William McEwan mu 1885.

Ulemu wa ntchito yonseyi suli wa abale awiriwo okha. Mtolo uliwonse, chitsulo chilichonse cha sitima, belu la tchalitchi ndi makina osindikizira, zidagona pamutu pa mtengatenga wolipidwa mikwamba yowerengeka ya nsalu. Maina a anthu amenewa sadalembedwe m'buku lililonse, koma popanda makosi ao sukulu ndi zipatala za mishoni sizikadaima. Ndiponso amishoni sankayamika kampani masiku onse. Makalata ao ali odzaza ndi madandaulo: mabokosi ochedwa miyezi yambiri, katundu wovunda ndi madzi, mitengo yokwera. Chuma cha £20,000 chidali chochepa pa njira yaitali chotere, ndipo kwa zaka zambiri amene adaika ndalama zao m'kampanimo sadalandire phindu.

Dzina ndi nyumba

John Moir ankavala mandala a maso, chinthu chachilendo masiku amenewo, ndipo anthu poona kunyezimira kwake adampatsa dzina la Mandala. Dzinalo lidachoka pa munthu lidapita pa nyumba yake, lidachoka pa nyumba lidapita pa kampani yonse. Nyumba ya Mandala, yosanja, idamangidwa mu 1882 pamtunda woyang'anana ndi Mishoni ya Blantyre. Idakaimabe, ndipo imawerengedwa kuti ndi nyumba yakale koposa zonse za mtundu wake m'Malaŵi. M'zaka zotsatira masitolo a Mandala adafika m'maboma ambiri a Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, monga ku Abercorn, kumene tsopano ndi ku Mbala, ndi ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata.

Chaka cha 1884 chidayesa mtima wa mwini dzinalo. Mzungu wina wosamva kamodzi, George Fenwick, adapha Chipatula, mfumu ya Amakololo, pa mkangano wa malonda, ndipo iyenso adaphedwa. Anthu a mfumuyo adamiza Lady Nyassa natseka mtsinje, kotero kuti mishoni zonse za kumtunda zidakhala zopanda njira. John Moir adali mmodzi wa amene adakambirana ndi Ramakukan, amene ankatchedwanso Kasisi, mkulu wa mafumu a Amakololo, mpaka njira idatsegukanso popanda nkhondo. Chaka chomwecho Angoni a Chikuse adathira nkhondo mapiri a Shire, ndipo anthu ambiri adathawira ku Mishoni ndi ku mpanda wa Mandala.

Ku Mandala komweko kudayambiranso chinthu chimene chidasintha mabanja a m'maiko ano. Cha m'ma 1886 kagulu kochepa ka Atonga a ku Bandawe kadakwera sitima kudzagwira ntchito ya kampani, ndipo pofika mu 1894 chiwerengero chao chidapitirira 1,000. Ana ndi adzukulu a anthu amenewa, pamodzi ndi a mitundu ina, adapitiriza ulendo wofuna ntchito mpaka ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg. Ndi anthu a paulendo otere amene Mbusa Vlok adawatsatira ku Harare mu 1912, ntchito imene idabala Sinodi ya Harare.

Minyanga ndi nkhondo ya ku Karonga

Pa zonse zimene dziko linkatulutsa masiku amenewo, minyanga yokha ndiyo idali ya mtengo wokwanira kulipira ulendo wopita ku gombe. Tsono amene adali ndi minyanga yambiri adali amalonda a Chiswahili, amene anthu ankawatcha Aluya, omwewo amene ankagwira akapolo. Kampani imene idabadwa kuti iwalande msika idapezeka ikugula kwa iwo, ikuwalipira nsalu, ndipo nthawi zina mfuti ndi wonga. Akale adati walira mvula walira matope.

Mu 1884 kampani idatsegula sitolo ku Karonga, woyang'anira wake ali Monteith Fotheringham. Sitoloyo idakopa Mlozi ndi anzake Kopakopa ndi Msalemu, amene adamanga malinga ao chapafupi. Mu 1887 iwo adaukira Angonde, napha ambiri pa dambo la Kambwe. Fotheringham adalandira othawa, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Mlozi adazinga sitoloyo kufikira pamene Anyakyusa adabwera kudzapulumutsa ozingidwawo. Abale awiri aja sadakhale ku Mandala kudikira uthenga. John adalasidwa mwendo mu Disembala 1887. Frederick adaphwanyidwa mkono ndi chipolopolo mu Epulo 1888. Kaputeni Frederick Lugard, amene adabwera kudzathandiza, adavulazidwa mu Juni. Atonga ambiri adamenya nawo nkhondoyo kumbali ya kampani. Harry Johnston adapangana mtendere ndi Mlozi mu Okutobala 1889, ndipo Mlozi adagonjetsedwa ndi kunyongedwa mu Disembala 1895.

Wamalonda wongofuna phindu akadatseka sitolo ndi kusiya Angonde m'manja mwa adani ao. Abale a Moir sadatero, ndipo adalipira ndi mwazi wao ndi chuma cha kampani. Chimenechi nchoyenera kuchilemekeza. Koma nchoonanso kuti mphamvu za Mlozi zidakula pambali pa sitolo yao, ndi malonda amene iwo omwe ankachita naye.

Nkhani ya malo

Mbali yolemetsa koposa ya mbiri ya John Moir ndi ya mapangano. Kuyambira mu 1885 iye adayendera mafumu ambiri a m'mbali mwa Shire ndi Nyanja, kuwapempha kuika zizindikiro zao pa mapepala opereka ulamuliro kwa kampani. Maganizo ake adali akuti boma la Britain likaona mapepalawo lidzalola kampani kulamulira dziko, ndipo potero Apwitikizi ndi ogula akapolo adzatsekeredwa kunja. Koma mafumuwo ankaika zizindikiro pa mau olembedwa m'chilankhulo chimene sankachiwerenga, ndipo pa mwambo wao mfumu imasunga dziko m'malo mwa anthu ake, siligulitsa.

Apa abusa a ku Blantyre, Scott ndi Hetherwick, adaima poyera kutsutsa. Ngakhale kuti ufa wao, makalata ao ndi ulendo wao wopita kwao zidali m'manja mwa Mandala, iwo adanena kuti kampani yofuna phindu siyenera kukhala boma la anthu amene ikuchita nawo malonda. Chilolezo chimene John Moir ankafuna sichidaperekedwe, ndipo mu 1891 dziko lidalowa pansi pa chitetezo cha boma la Britain. Komabe mapepala aja sadafe. Kampani, itafooka ndi nkhondo ya ku Karonga, idatsamira chuma cha British South Africa Company ya Cecil Rhodes, ndipo malo a kumpoto opitirira maekala 2,500,000 adagwera m'manja mwa kampani ya Rhodesyo.

Lonjezo la Livingstone lidali lakuti malonda oona adzakweza eni dziko. Akhristu oyamba a ku Blantyre adalikhulupirira. Joseph Bismarck adagula malo ku Namwili nalima mbeu zogulitsa. Mungo Murray Chisuse, mkulu wa nyumba yosindikizira mabuku ya Mishoni, adayamba ntchito yojambula zithunzi. John Gray Kufa, mmodzi wa madikoni asanu ndi awiri a Scott, adagula munda ku Nsoni. Anthu amenewa adapeza kuti malo abwino, ngongole ndi ulemu zidali kale m'manja mwa ena. Pa kuukira kwa Mbusa John Chilembwe mu Januwale 1915, sitolo ya Mandala ku Blantyre idathyoledwa ndi anthu ofuna mfuti, ndipo Kufa, pamodzi ndi wamalonda Duncan Njilima, adaphedwa ndi boma pambuyo pake. Nkuti John Moir atachoka kalekale, ndipo sangasenzetsedwe mlandu wa zonse zimene atsamunda adachita. Koma mapangano ake adali ena mwa makasu oyamba amene adalima munda umenewo.

Ku Mulanje ndi ku Edinburgh

Atasiya kuyang'anira kampani, John Moir adabweranso mu 1893 nakhala mlimi pa munda wa Lauderdale, patsinde pa phiri la Mulanje. Mbeu ya Azungu masiku amenewo idali khofi, koma khofi adagwa chifukwa cha tizilombo ndi kutsika kwa mitengo. Moir ndi Henry Brown wa ku Thornwood amawerengedwa pakati pa oyamba kubzala tiyi ku Mulanje, ndi mbeu zochokera ku mitengo ya m'munda wa Mishoni ya Blantyre. Ku Lauderdale kudakalimidwabe tiyi.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 adabwerera ku Edinburgh, ndipo ukalamba wake adaupereka ku ntchito ina yopanda malipiro. Adali mlimi wa njuchi, mmodzi wa oyamba m'bungwe la Scottish Beekeepers' Association limene lidakhazikitsidwa mu 1912. Mu 1916 adapereka mabuku ake onse onena za njuchi ku bungwelo, napitiriza kwa zaka zambiri kuwasamala ndi kuonjezerapo ena kuti alimi anzake azibwereka. Nkhokwe ya mabukuyo imatchedwa Moir Library ndipo idakali mu Edinburgh. Munthu amene adayamba moyo wake wa ntchito ndi kulambula mseu kwaulere adautsiriza akubwereketsa mabuku kwaulere.

Frederick adabwerera ku Glasgow, kumene adakhala mmodzi wa akuluakulu a kampani ndiponso wa komiti yothandiza Livingstonia. Mkazi wake Jane adayenda naye mu 1890 kuchokera ku Mandala mpaka ku Ujiji ndi kubwerera, ndipo makalata ake a paulendowo adasindikizidwa mu 1891. Buku la Frederick mwini, After Livingstone, lidatuluka mu 1923. Abale onse awiri adakhala ndi moyo kufikira kumva kuti Livingstonia ndi Blantyre zalumikizana kukhala C.C.A.P. mu 1924, ndi kuti Nkhoma yalowa mu 1926. Frederick adamwalira mu 1939, John mu 1940 ali ndi zaka 89. Kampani imene adaiyambitsa idakhala zaka zoposa 120, ndipo tsopano kulibe.

Chimene Sinodi iyenera kusunga

Chiyambire masiku a Atumwi, Mpingo wakhala ukuyenda ndi thandizo la anthu amalonda. Lidiya wogulitsa nsalu adatsegula nyumba yake ku Filipi, ndipo Akula ndi Priskila adagwira ntchito ya mahema pamodzi ndi Paulo. John Moir ali m'gulu limeneli. Adasiya mtendere wa kwao, adakana phindu la mowa, adateteza othawa nkhondo, ndipo adasunga njira imene Mau a Mulungu adadzera kufika ku Bandawe, ku Mvera ndi ku Tanganyika. Mbusa amene amayesa ntchito ya sitolo kapena ya magalimoto ngati yotsika pamaso pa Mulungu ayenera kuwerenganso mbiri imeneyi.

Koma mbiri yomweyo ionetsa kuti cholinga chabwino sichiyeretsa njira iliyonse. Moir sadagule minyanga kwa Mlozi kapena kusainitsa mafumu chifukwa cha mtima woipa. Adachita zimenezi pokhulupirira kuti akuteteza ntchito ya Mulungu, ndipo chifukwa cha chikhulupiriro chimenecho kudali kovuta kuti aone yekha pamene adapotoka. Adafunika abusa olimba mtima oti amuuze, ndipo adawapeza mwa Scott ndi Hetherwick, anthu amene ankadya chakudya chobwera pa sitima yake.

M'mipingo ya Masinodi onse asanu, Livingstonia, Blantyre, Nkhoma, Harare ndi Zambia, muli amuna ndi amai amalonda amene amagula malata a tchalitchi, kubwereketsa galimoto pa maliro, ndi kulipirira ana amasiye sukulu, kwinaku akulera mabanja ao. Mpingo umadziwa kuwathokoza pa tsiku la zopereka. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi mbusa wowayendera ku sitolo, wowafunsa mwachikondi za malipiro a antchito ao, za sikelo yao, ndi za mmene adapezera malo amene amangapo. Wamalonda amene Mpingo umangomulandira ndalama, osamuweta, wasiyidwa yekha pa malo amene mayesero ake ali aakulu koposa. Nthumwi za Sinodi zikadutsa pa nyumba ya Mandala ku Blantyre zikumbukire munthu amene adaimanga, ndi ngongole imene Mpingo uli nayo kwa anthu a ntchito yake: kuwayamika moona, ndi kuwauza zoona.